Malikisi a Dokotala wa ku Delft

Mwana wa mng'ono wanga anafika kwanga ku Maitland m'mwezi wa Juni, mvula yozizira ya ku Cape Town ili pachimake, atanyamula chikwama chimodzi cha zovala ndi china cholemera cha mabuku. Anali mtsikana wofatsa, amene anamaliza maphunziro a udokotala kwathu ku Malawi n'kugwira ntchito zaka zingapo pa chipatala cha boma. Dziko lino sililola dokotala wophunzira kunja kukhudza wodwala asanakhoze mayeso a bungwe loyang'anira madokotala, ndipo mayeso amenewo ndi amene anadzera. Chilolezo chake chokhalira kuno chinali choti chitha kumayambiriro kwa chaka chotsatira. Akanaphonya mayeso a kumapeto kwa chaka chimenecho, otsatirawo akanabwera iye atakwera kale basi yobwerera kumudzi.

Ine ndinaphunzira unamwino ndi uzamba kwathu, ndipo panthawiyo ndinkayang'anira anamwino pa nyumba ina yosungirako okalamba. Ndinkachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa msewu waukulu, moyandikana ndi malo okonzera magalimoto. Ndinampatsa mwanayo chipinda chakumbuyo ndi tebulo limene ndinkasokerapo. Ndinamuuza kuti m'nyumba mwanga Lamlungu ndi la tchalitchi, ndipo foni sifika patebulo la chakudya. Anavomera, poti analeredwa bwino.

Masabata oyambirira zonse zinkayenda monga ziyenera kuyendera. Ankawerenga m'mawa, ndipo ndikaweruka kuntchito ankandisandutsa wodwala wake, chifukwa mayesowo ali ndi gawo lolemba komanso gawo loyeza munthu pamaso pa oyesa. Ankandifunsa m'Chingerezi kuti mutu unayamba liti kupweteka, ankandimvetsera m'chifuwa, ine n'kumamuvuta dala monga amachitira okalamba a kuntchito kwanga. Ankaseka. Ankadya.

Zinasintha atapeza bwalo lina la pa intaneti limene madokotala ochokera m'mayiko osiyanasiyana ankakumanapo pokonzekera mayeso omwewo. Pabwalopo panalibe wogwiritsa ntchito dzina lake lenileni, kapena woonetsa nkhope. Ankapatsana mapepala oyeserera, ndipo aliyense akamaliza pepala ankalengeza malikisi amene wapeza. Mwana wanga ankapeza 60, tsiku labwino 65. Anzake a pabwalowo ankalemba 88, 92, 95.

Tsiku lina ndinampeza atakhala pa bedi, mabuku atatsekedwa.

"Amayi aakulu, ine sindinakonzeke."

"Wakuuza ndani?"

Anandipatsa foni. Ndinavala magalasi n'kuwerenga mzere wautali wa manambala, iliyonse ili ndi kadzina kachibwana pambali pake.

"Anthu amenewa ukuwadziwa?"

"Ayi, koma ndi madokotala."

"Unawaona?"

"Amayi aakulu, munthu anamizirenji? Dzina lake silikudziwika, palibe amene angamuyamikire. Apindula chiyani?"

Ndinamubwezera foniyo. Koma ndinaona pamene panali vuto lake. Kwathu munthu salengeza zabwino zimene wapeza. Mwana akatuluka m'mayeso amene walemba bwino, mukamufunsa amangoti, "Tayesako." Mlimi amene nkhokwe yake yadzaza amati wapezako pang'ono. Timachotsera dala, kuopa nsanje ndiponso kuopa kuoneka odzikweza, ndipo womvayo amadziwa yekha kuti awonjezerepo. Mng'ono wanga analera mwanayu m'njira imeneyo. Choncho akawerenga kuti wina wapeza 90, mumtima mwake ankawonjezerapo. Ankaganiza kuti munthu amene walimba mtima kunena 90 ndi pakamwa pake ayenera kuti wapeza zoposa pamenepo.

Ine ndinali nditakhala kuno zaka zokwanira kudziwa khalidwe lina. Ndinaona anyamata akwathu Lamlungu masana ku Sea Point akujambulitsa zithunzi atatsamira magalimoto a eni ake, kuti atumize kumudzi. Ndinkadziwa bambo wina wolima maluwa m'nyumba za anthu, amene abale ake ku Dedza ankamutchula kuti manijala. Anthu amenewa sanali oipa, ndipo ena ndinkapemphera nawo. Kungoti anali kutali ndi aliyense amene akanati, "Iwe, usatinamize." Ndinkaona kuti bwalo lija linali kutali kwambiri kuposa Cape Town.

Pabwalopo panali munthu mmodzi amene onse ankamumvera. Malikisi ake sankatsika pa 94. Ankalemba malangizo ataliatali, olongosoka, m'Chingerezi chosalala. Ankati mabuku akuluakulu ndi otaya nthawi, munthu azingoyankha mafunso. Ankati gawo loyeza wodwala ndi losavuta, lisadetse munthu nkhawa. Koma lamulo lake lalikulu, limene ena ankalibwereza ngati vesi, linali lakuti munthu asayerekeze kulowa m'mayeso asanayambe kupeza 90 motsatizana. Wolowa ndi malikisi ochepera pamenepo, ankatero, akungodzipereka kukaphedwa.

Mwana wanga anatsatira zonse. Mabuku anabwerera m'chikwama. Anasiya kundiyeza. Khofi anali wosatha m'kapu mwake, siketi zinayamba kumukulira, ndipo Lamlungu lina anandiuza kuti mutu ukumupweteka, sapita kutchalitchi. Nditabwerako ndinampeza ali pa foni. Malikisi ake sanakwere. Anafika pa 66 n'kubwereranso m'munsi. Kenako anandiuza kuti akufuna kulembera bungwe lija kuti lichotse dzina lake pa mayeso a chaka chimenecho, ndipo mwayi wochotsa dzina unali kutha kumapeto kwa mwezi womwewo.

"Ukachotsa dzina, chilolezo chitha. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa. Koma kuli bwino kubwerera ndisanalembe kusiyana ndi kubwerera nditalephera. Anthu kumudzi ndikawauza chiyani?"

Ndinamuuza kuti asalembere aliyense ndisanamulole. Ali m'nyumba mwanga, mawu amenewo anali ndi mphamvu, koma ndinkadziwa kuti mphamvu yake inali ya masiku ochepa.

M'sabata yomweyo anabwera kukhitchini nkhope ikuwala. Mlangizi wamkulu uja, poyankha munthu wina, anali atatchula Zomba. Mwanayo anamulembera payekha, ndipo anayankhidwa m'Chichewa. Anali Mmalawi, ankakhala ku Delft, mumzinda wathu womwewu.

"Ndi wakwathu, Amayi aakulu! Mwaona? Si munthu wongopeka."

"Mayesowo anakhoza liti?"

"Amalankhula ngati munthu amene analemba kale."

"Sindinafunse mmene amalankhulira. Ananena kuti analemba?"

Anafufuza m'foni nthawi yaitali, chala chikukwera ndi kutsika. Pomaliza anati, "Sananene mwachindunji, koma zikuonekeratu."

Ndinapukuta m'manja n'kukhala pansi. "Mwanawe, munthu wakuthandiza miyezi yonseyi popanda kukulipiritsa. Ndi wakwanu, ndipo ali pamtunda woyenda ndi takisi. Iwe wangomulembera zikomo pa foni basi? Amayi ako anakulera choncho? Munthu timakamuthokoza kunyumba kwake, titanyamula kanthu m'manja."

Sakanatha kukana, chifukwa zimene ndinanenazo zinali zoona. Chinali chinthu choyenera kuchita, ndipo ndikanamuuza zomwezo ngakhale ndikanakhala wosakayika. Koma ndinali wokayika, ndipo ndinkafuna kuona nkhope ya 94 imeneyo.

Mlangiziyo anayamba kuzemba. Loweruka loyamba anati ali pa ntchito kuchipatala. Lotsatira anati wachokapo. Mwanayo atamufunsa mwaulemu dzina la chipatalacho, funsolo silinayankhidwe, koma kunabwera malangizo ena atsopano a kawerengedwe. Tsiku lomaliza lochotsera dzina linali kuyandikira, choncho ndinasiya foni n'kugwiritsa ntchito njira imene ndimaidziwa. Amalawi a ku Cape Town timadziwana kudzera m'matchalitchi ndi m'maliro. Ndinafunsa mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene amaluka tsitsi ku Delft ngati akudziwa dokotala wochokera ku Zomba.

"Adokotala aja? Akazi awo timaimba nawo kwaya ikakumana. Mukufuna ndiwauze?"

Tsiku lotsatira mkazi wa mlangiziyo anandiimbira yekha, mawu ake odzaza chimwemwe, natiitana Loweruka masana. Mkazi akaitana alendo, mwamuna sangawabweze pakhomo.

Tinanyamula shuga, tiyi, nkhuku ya m'sitolo ndi chitenje chatsopano. Tinakwera sitima mpaka ku Bellville, kenako takisi. Ku Delft mphepo inali kuuluza mchenga m'misewu, ndipo ndege zinkadutsa pafupi kwambiri ndi madenga moti kukambirana kunkaima mpaka zitapita. Banjalo linkakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chikhosa, amene anatilozera njira ndi chibwano uku akuyanika zovala.

Mkaziyo anali wamfupi, wojintcha, wa maso ochenjera. Anatilandira katundu, natigwadira popereka moni. Mwamunayo anatuluka m'chipinda atavala malaya oyera ositidwa bwino. Anali wamtali, wowonda, wa zaka za m'ma 40, ndipo anatipatsa moni mmodzimmodzi mwaulemu wonse. Pakhoma panali satifiketi yake ya udokotala m'galasi. Ndinaiyang'anitsitsa pokhala pansi, ndipo inali yeniyeni. Pakona panali mulu wa mapepala a mafunso, opindika m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa. Zimenezi zinandisokoneza pang'ono, chifukwa ndinkayembekezera kupeza wakuba.

Tiyi atabwera, ndinalankhula mawu amene tinadzera. Ndinati mwanayu ndi mlendo m'dziko lino, makolo ake ali kutali, ndipo ife a banja lake tamva za thandizo limene iwo akhala akumupatsa. Bamboyo anaweramitsa mutu nati si kanthu, ndi udindo. Mwana wanga, manyazi atamuchoka, anamufunsa funso lina la matenda a impso limene linkamuvuta, ndipo bamboyo analifotokoza bwino, mosadodoma. Munthuyo ankadziwa ntchito yake. Mwanayo anandiyang'ana ndi diso lakuti, mwaona?

Ndinaika kapu pansi. "Adokotala, mwanayu ali ndi mantha ndi tsiku lenilenilo. Tamuuzeniko, holo yolemberamo imakhala yotani? Amakukhazikani bwanji?"

"Aa, Amayi, zimenezo zimasinthasintha chaka ndi chaka."

"Chaka chanucho zinali bwanji?"

Ndege inadutsa. Tonse tinadikira. Itapita, amene analankhula anali mkazi wake, ali chiimire pa chitofu, msana uli kwa ife.

"Holo? Amayi, awa holo aidziwira kuti? Holo imene analowapo awa ndi ya ukwati wathu, ndipo nayonso anachedwa."

"Mayi a mwana, tabweretsani madzi alendo asambe m'manja."

"Madzi ali pambali panupo, bambo. Chaka chatha munati chaka chino. Chaka chino mukuti chamawa. Mwana wathu wamkazi anabadwa bambo ake akukonzekera mayeso, pano wayamba sukulu, bambo ake akukonzekerabe. Mwina adzalembera limodzi."

Anatero akuseka, monga munthu amene nthabwala imeneyo waibwereza kambirimbiri mpaka yasiya kupweteka. Sankadziwa kuti mwamuna wake ndi ndani pabwalo lija. Kwa iye anali munthu wokhalira foni basi.

"Nanga kuchipatala kuja?" ndinafunsa.

"Chipatala cha makatoni," anatero mkaziyo. "Amalongedza mankhwala m'nyumba yosungiramo katundu. Ntchito yabwino ndithu, sitigona ndi njala. Koma wodwala yekhayo amene amamuona ndi ine."

Bamboyo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya. Mwana wanga anali atauma pampando. Atalankhula, mawu ake anali aang'ono.

"Achimwene, nanga 96 ija ya sabata yatha?"

"Ndinaipezadi, chemwali. Sindinapeke."

"Pepala lija ine ndinapeza 61."

Bamboyo anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pa magalasi a m'manja mwake. Anati pepala lililonse amalilemba koyamba, n'kudzichongera, n'kuwerenga mayankho. Patapita masiku amalilembanso, kenako kachitatu. Malikisi amene amaika pabwalo ndi a ulendo womaliza.

"Koyamba munapeza zingati?" anafunsa mwanayo.

"Mwina 58." Anavala magalasi aja. "Koma aliyense amachita choncho."

"Mukudziwa bwanji kuti aliyense amachita choncho?"

"Ndimangoganiza. Ena mwina amapezadi koyamba. Pali mtsikana wina wa ku West Africa, ameneyo ndikukhulupirira kuti amapezadi." Anapumira m'mwamba. "Ndikaona anthu ngati amenewo ndi pamene ndimadziwa kuti sindinafike."

Ndinamufunsa kumene anatenga lamulo la 90 lija. Anati analipeza pabwalo pomwepo atangofika kumene, lolembedwa ndi munthu wina amene anasowa kalekale. Ngati munthuyo analemba mayeso kapena ayi, iye sankadziwa. Analitenga, nalikonza Chingerezi chake, nayamba kuliphunzitsa ena, ndipo iye mwini ndiye anali woyamba kulimvera. Zaka zonsezo ankachotsa dzina lake nthawi ikayandikira.

Sindinamudzudzule. Tinali alendo m'nyumba mwake, ndipo mkazi wake anali atatiphikira. Tinadya, tinakamba za mitengo ya zinthu ndi za mvula ya kumudzi, ndipo ndinapemphera tisananyamuke. Koma ndinene pano kuti ngakhale 58 imeneyo sindinaikhulupirire kwenikweni. Inatuluka mochedwa, ndipo inali ndi "mwina" kutsogolo kwake.

Mkaziyo anatiperekeza kokwerera takisi, atafunda chitenje chatsopano chija kumutu chifukwa cha mchenga. Panjira anali atasiya kuseka. Anagwira mwana wanga pamkono.

"Asisi, inu pitani mukalembe. Mukalephera, mulephere muli m'holo. Awa alephera ali pampando wa m'nyumba mwanga, ndipo palibe ngakhale kalata yoti tionetse anthu."

M'takisi tinakhala mothinana kumpando wakumbuyo. Mwanayo anayang'ana pawindo mpaka tinadutsa malo a ndege. Kenako anatembenuka, ndipo mkwiyo wake unali pa ine, osati pa bambo uja.

"Mwamuchititsa manyazi pamaso pa mkazi wake."

"Ndafunsa za holo basi."

"Munkadziwa."

"Sindinkadziwa. Ndinkakayika. Akanatiuza za holoyo ndikanapepesa mumtima, ndipo nkhuku akanadyabe."

"Ndiye tsopano ndidalire chiyani? Poyamba ndinkadziwa kuti ndili m'munsi. Pano sindikudziwanso pamene ndili. Kodi 63 yanga ndi yambiri kapena yochepa?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Ine si dokotala. Bambo ujanso sakudziwa, ndipo mtsikana wa ku West Africa uja, ngati alipo n'komwe, sakudziwa. Odziwa ndi amene amachonga mayesowo, ndipo njira yowafunsira ndi imodzi yokha."

Anatembenukiranso pawindo. Kunyumba analowa m'chipinda chake, ndipo kwa masiku angapo tinkangopatsana moni wa m'mawa. Bwalo lija sanalisiye. Ndinkamuona akuwerengabe manambala aja, nkhope itakwinyika, ndipo sindinkadziwa ngati akuwonjezera kapena akuchotsera. Bambo wa ku Delft uja anasiya kulemba kwa kanthawi, kenako, malinga ndi zimene mwanayo anandiuza pambuyo pake, anayambiranso ndi malangizo omwe aja. Ngati anadzalowa m'holo, ine sindinamve.

Tsiku lomaliza lochotsera dzina ndinapita kuntchito mtima uli m'mwamba. Sindinamufunse kanthu m'mawa, chifukwa ndinali nditanena zonse zimene ndikanatha kunena. Madzulo nditalowa m'nyumba ndinapeza mabuku akuluakulu aja ali patebulo, iye ataima pakhomo la chipinda chake, chomvetsera m'chifuwa chili m'khosi.

"Khalani apa, mayi," anatero m'Chingerezi, nkhope ili gwa. "Mwabwera ndi vuto lanji lero?"

Ndinakhala pansi ndi yunifolomu yanga yomweyo n'kumuuza kuti miyendo ikutupa.

Mayesowo analembera mumzinda wina, kutali ndi kuno. Ndinamuperekeza kokwerera basi, ndipo anabwerako atatopa, wosafuna kukamba zambiri. Khirisimasi inadutsa, chaka chinatembenuka, zotsatira osabwera. Chilolezo chinatsala ndi masabata ochepa, ndipo ndinamuona tsiku lina akupukuta fumbi pa chikwama chake cha zovala.

Anandiimbira ndili kuntchito, ndikugawa mankhwala a masana.

"Amayi aakulu, ndakhoza! Magawo onse awiri!"

"Wamva kwa ndani?"

"Anditumizira kalata pa foni, a bungwe enieniwo."

"Pita ukaisindikize pa pepala. Usauze munthu aliyense ndisanaione."

"Amayi aakulu!"

"Wandimva."

Nditafika kunyumba pepalalo linali patebulo, iye ataima patali, manja atapinda pachifuwa. Ndinasamba m'manja, ndinavala magalasi, ndinakhala pansi. Ndinayang'ana chizindikiro cha bungwe pamwamba. Ndinawerenga dzina lake chilembo ndi chilembo, poti mayina athu amawalakwitsa kawirikawiri kuno, ndipo ndinaonetsetsa tsiku lake lobadwa. Zonse zinali zake. Ndinawerenga mpaka pansi, kenako ndinatembenuza pepalalo.

"Mukufunanso chiyani kuseriko?"

"Malikisi."

"Palibe. Angolemba kuti ndakhoza."

Ndinatembenuzanso n'kuwerenga kachiwiri. Nambala yokhayo imene inalipo inali yolembetsera mayeso. Ndinavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Simunandikhulupirire ngakhale ine," anatero, koma milomo yake inali itayamba kumasuka.

"Tenga foni," ndinamuuza. "Imbira amayi ako. Ukamaliza undipatse ndilankhule nawo."